Tikonzekere nyengo zitatu, osati imodzi

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nkhani yathu lero ndi ya momwe dziko limayezera zoopsa zomwe zingaligwere, ndipo njira yake komiti yanu ya m'mudzi ikhoza kuitsata osavutika.

Poyamba lembani zoopsa zonse: madzi osefukira, napolo, chilala, kolera, ntchemberezandonda, chivomerezi ngati cha ku Karonga mu 2009, ngakhalenso kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja. Chilichonse muchipatse manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5. Yoyamba ikuyankha kuti chimabwera kawirikawiri bwanji, yachiwiri kuti chikabwera chimawononga motani. Muchulukitse ziwirizo. Chopeza 20 chikhale patsogolo pa chopeza 6. Koma chenjerani ndi zija zobwera kamodzi pa zaka zambiri, chifukwa nambala imazibisa. Pakati pa 1915 ndi zaka za m'ma 1930 nyanja ya Malawi inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Lero Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amamwa mtsinje umodzi womwewo. Zitachitikanso, magetsi tingawatenge kuti?

Kenako pamabwera zongoyerekeza. Apa si kulosera ayi, za maula tisiye. A zanyengo akalengeza momwe dzinja lingakhalire, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi anzawo amalemba nyengo zitatu: yabwino, yapakatikati, ndi yoipitsitsa. Pa iliyonse mufunse kuti mabanja okhudzidwa ndi angati, athawira pasukulu iti, mlatho ukaduka adutsa pati, chimanga chifunika chochuluka bwanji. Kawirikawiri thandizo limakhala thumba la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi. Ndiye mabanja 200 kwa miyezi 4 ndi matumba 800. Mwaona? Mantha asanduka nambala yoti mungapite nayo kwa DC.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: amayeza tsoka lililonse palokha, pomwe mavuto amabwera atagwirana manja. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akazima, zigayo zimaima, mapampu a madzi amaima, anthu amabwerera kumitsinje, ndipo kolera amapeza khomo lotsekula. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 anapeza kolera ali kale m'dziko, ndipo namondweyo anapha anthu oposa 600. Ambiri maso anali ku Nsanje ndi Chikwawa monga mwa chizolowezi, koma matope anatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre. Ndiko kuipa kokonzekera tsoka la chaka chatha. Choncho nyengo yoipitsitsa ija muziphatikizamo mavuto awiri kapena atatu, mwachitsanzo chilala cha El Niño, kwacha itagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza atakwera mtengo.

Chotsalira n'chizindikiro choyambira ntchito. Pulani isamangoti "madzi akachuluka tisamuke". Kuchuluka kwake kuti? Zikani mtengo m'mphepete mwa mtsinje, mupake utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Madzi akafika pachikasu, okalamba, olumala, amayi oyembekezera ndi ziweto anyamuke. Akafika pofiira, wenzulo ilire, onse atuluke. Mulembe dzina la woliza wenzuloyo ndi wina womulowa m'malo akachokapo, ndipo muyeserere masana mu Okutobala, mvula isanayambe.