Makina Opolishira Galimoto: Muyambe ndi Rotary Kapena DA?

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, chifukwa zomwe ndabweretsazi n'zofunika kuziona ndi maso. Ambiri a inu mumatsuka magalimoto, ena kuno ku Mbare, ena ku Highfield, ena m'tauni muno mu Harare, ndipo mwaona kale kuti ndalama yooneka siili pa ndowa ndi sopo, ili pa kupolisha. Ndiye mumandifunsa kuti mukasonkhanitsa timadola tanu mugule makina ati. Patebulopa pali awiri. Awa ndi rotary, awa ndi dual-action, amene tonse timangoti DA.

Tiyambe ndi penti. Pa galimoto za masiku ano pansi pamakhala primer, penti yoyamba yogwira chitsulo, pakati mtundu, pamwamba clear coat, ija yowala yopanda mtundu. Galimoto ikamachoka kufakitale, zonsezi pamodzi kukhuthala kwake kumakhala ma micron 100 mpaka 150 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), ndipo clear coat payokha ndi 40 kapena 50 basi. Pepala ndagwirali ndi pafupifupi 100. Mwamva? Mukugwira ntchito pa kanthu kosakwana n'komwe pepala limodzi. Ndipo kupolisha si kupaka ayi, ndi kupala. Mumapala clear coat pang'onopang'ono mpaka ifanane ndi pansi pa pomwe panakandika, ndiye kukandikako kumazimirira. Zomwe mwapalazo sizimeranso.

Rotary imangozungulira pamalo amodzi, mota ikukankha mwachindunji padi, chija chofewa chomwe chimakhudza penti. Makina ngati Makita 9227C amazungulira kuyambira maulendo 600 kufika 3,000 pa mphindi. Mphamvu ili nayo, ndipo imadya msanga. Koma poti ikupekesa malo omwewo, pentiyo imatentha. Mukaima pamodzi timasekondi tochepa, kapena mukaipendeketsa m'mphepete mwa chitseko kapena pa mzere wa boneti, pomwe penti imakhala yopyapyala kwambiri, mungoona primer yatulukira. Bampala ndiye woopsa zedi, chifukwa pulasitiki satulutsa kutentha msanga ngati chitsulo, penti imangokwinyika. Pamenepo palibenso polishi wokupulumutsani. Galimoto ya mwiniwake ikupita kokapopera penti, ndalama kuchokera m'thumba mwanu.

Pali vuto lina lomwe limabisala. Mwapolisha galimoto yakuda pamthunzi, yawala bwino, kasitomala walipira. Mawa lake akaimika padzuwa la masana, thupi lonse lili ndi timizere tozungulira tomwe timayenda munthu akamayenda. Timeneti ndi ma hologram, ndipo ndi siginecha ya rotary yomwe ili m'manja mwa wophunzira. Dzuwa la Harare silibisa kanthu. Khalani ndi tochi wowala kwambiri, muziunika ntchito yanu mwiniwake asanabwere.

Tsopano DA. Iyi imachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: padi imazungulira, kwinaku ikuvinavina mozungulira timabwalo ting'onoting'ono, monga momwe lichero limayendera m'manja mwa amayi akamasankha mpunga. Kuvinako kumayezedwa mu mamilimita: ena 8, ena 15, ena 21, ngati Rupes BigFoot ya ku Italy. Poti padi siidutsa njira imodzimodzi kawiri, kutentha kumamwazika ndipo ma hologram sawoneka. Chinanso, pa DA zambiri mota siikakamiza padi kuzungulira. Mukadinikiza mopitirira, kapena mukafika pokhota, imasiya kuzungulira n'kumangonjenjemera. Anyamata ambiri amadandaula kuti makinawo ndi aulesi. Ine ndimati ulesi umenewo ndi umene ukuteteza galimoto ya anthu. Onani apa, ndalemba kamzere ndi maka pa mbale yogwira padiyi. Kamzereka kakamazungulira, makina akudya. Kakaima, chepetsani mphamvu ya dzanja ndipo muwongole padi igone bwino.

Aliponso apakatikati, a forced rotation, monga Flex XC 3401 ya ku Germany. Amavina ngati DA koma samaima. Ndi abwino, kungoti mtengo wake si wa munthu woyamba kumene.

Ndiye mugule ati? Yang'anani magalimoto amene amabwera kwa inu. Honda Fit, Toyota Wish, Aqua, Probox, ma ex-Japan okhaokha. Penti ya magalimoto a ku Japan kawirikawiri imakhala yofewa poyerekeza ndi ya Mercedes-Benz kapena BMW. Imakandika msanga, komanso imakonzeka msanga. Ndipo zomwe mumachotsa tsiku ndi tsiku ndi zing'onozing'ono: timizere tobwera chifukwa chopukuta fumbi ndi nsanza youma, madontho a madzi a pa borehole amene anaumira padzuwa, zitosi za mbalame ndi zomata za pansi pa jacaranda mwezi wa October. Zonsezi DA, padi ya siponji kapena ya microfibre, ndi compound wabwino, polishi uja wokhakhala wopalira, zimathana nazo. Yambani ndi DA ya 15, padi ya mainchesi 5. Ndikudziwa kuti rotary zotchipa zimapezeka msanga m'mahadiweya, koma chitseko chimodzi chowotchedwa chimameza zonse munapulumutsazo.

Rotary ili ndi ntchito yake, sindikuinyoza. Ngati mukugwira ndi opopera penti ku Gazaland, kuja ku Highfield kokonzera magalimoto, galimoto yangopoperedwa ndipo mwaidutsa ndi sandipepala wa madzi wa 1500 kapena 2000, rotary ndi padi ya ubweya wa nkhosa ndi imene imachotsa zipsera za sandipepalazo mwachangu. Chimodzimodzi penti yolimba, kapena kombi yoti inazimiririka kalekale. Komabe ngakhale akatswiri ambiri amadula ndi rotary kenako n'kumalizitsa ndi DA. Amene mukufuna kuiphunzira, pitani kogula boneti yakale kwa ophwasula magalimoto, muiike pa matayala awiri kunyumba. Mwazani compound pa sipidi yotsika, mugwire ntchito pakati pa 1,200 ndi 1,500, manja asaime. Kenako muiwotche dala bonetiyo kuti mudziwe momwe zimachitikira msanga.

Achimwene mwakweza dzanja? Eya. Akufunsa ngati angamange siponji pa grinder yomwe ali nayo kale. Ayi achimwene, chonde musayese. Grinder yaing'ono ija imathamanga cha m'ma 11,000 pa mphindi. Imeneyo ndi yodulira chitsulo.

Amayi apo akufunsa za magetsi. Funso labwino, poti a ZESA akathimitsa tonse timathamangira jenereta. Rotary yaikulu imafuna ma watt pafupifupi 1,200, pomwe DA zambiri zili pakati pa 500 ndi 900, ndiye kajenereta kakang'ono kamaikoka DA mosavuta. A mabatire aliponso, koma mukhale ndi batire lachiwiri pa chaja.

Kaya mwagwira makina ati, galimoto itsukidwe kaye mpaka mchenga wonse uchoke, ndipo musapolishe boneti yotentha. Matani tepi m'mphepete ndi pa mapulasitiki akuda. Yesani pamalo pang'ono ndi padi yofewa ndi polishi wosalala, zikakanika ndiye mukwere. Gwirani kachigawo ka masentimita 40 mbali zonse, mukatha n'kusuntha. Pokandika pomwe chikhadabo chikukola, pamenepo palowa kwambiri, muuzeni mwiniwake mosabisa kuti mungopachepetsa, sipatha. Ndipo mukaona padi yatenga mtundu wa galimoto, imani msanga. Mwina ndi penti yopanda clear coat, ngati ya magalimoto akale ndi ena oyera, kapena mwaboola kale. Mufunsenso mwiniwake ngati galimotoyo inapolishidwapo kapena kupoperedwanso, chifukwa wina akhoza kukhala atadya kale gawo lanu.

Tiyeni titulukire panja tsopano. Pansi pa mtengo paja ndaika boneti yakuda, ndaigawa pakati ndi tepi. Anyamata awiri anyamule chingwe cha magetsi, ndipo a DA ayambe ndi alongo athuwa.