Masewero akale a nyimbo a ku Joni: ndi ati angadzazenso holo?

[Chithunzi chakale cha holo ya pa yunivesite ya Wits]

Pa 2 February 1959, holo yaikulu ya pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inadzaza thothotho. Akuda ndi azungu anali m'holo imodzi, chinthu chosaoneka kawirikawiri m'masiku a tsankho aja. Pa siteji panali mtsikana wa zaka 26, Miriam Makeba. M'bandi munali mnyamata wina woimba lipenga, Hugh Masekela, pa nthawiyo asanakwanitse n'komwe zaka 20. Sewerolo linali King Kong. Ayi, si chinyani chija cha m'filimu. Tifikako.

Takulandirani abale anga. Lero tikucheza za masewero a nyimbo, aja oti nkhani imayenda ndi kuimba ndi kuvina, bandi ikuliza pomwepo anthu akuona. Ku South Africa kunatuluka angapo amene anafika mpaka ku London ndi ku New York. Funso langa ndi ili: mutakhala ndi ndalama zodzutsira limodzi lokha, mungasankhe liti? Ndikuchenjezeni msanga. Sewero loyenera kudzutsidwa ndi sewero loti anthu agule matikiti, nthawi zambiri si limodzi.

Ndikudziwa, ambiri mwatchula kale Sarafina. Tiyeni tithane nalo msanga. Mbongeni Ngema analionetsa koyamba ku Market Theatre mu 1987, linalowa ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku New York, mu January 1988, ndipo kumeneko linaseweredwa maulendo oposa 500. Mu 1992 kunabwera filimu ija ya Leleti Khumalo ndi Whoopi Goldberg, imene ambiri tinaonera m'mavidiyo sho. Matikiti ake angagulidwe mawa lomwe. Koma munthu sadzutsa amene ali maso. Sarafina amabwererabwerera pa siteji ku South Africa, ndipo June aliyense, pokumbukira ana asukulu a ku Soweto a 1976, nyimbo zake zimamveka paliponse. Ngema anamwalira pa ngozi ya galimoto mu December 2023, koma sewero lake silikusowa woliyang'anira.

[Chithunzi cha wankhonya]

Tibwerere kwa King Kong. Limeneli linali dzina la m'bwalo la nkhonya la Ezekiel Dhlamini, chiphona chimene anthu a m'makomboni ankachitama ndi kuchiopa. Zinthu zitayamba kumuipira, anakagwira ntchito yolondera pa malo a dansi. Kenaka anapha chibwenzi chake. Kukhoti anapempha yekha kuti amunyonge, koma woweruza anamupatsa zaka 12. Mu 1957 anadziponya m'damu la pa ndende ya Leeuwkop, n'kufera momwemo.

Pasanathe zaka ziwiri, moyo wakewo unali pa siteji. Nyimbo anapeka Todd Matshikiza, nkhani analemba Harry Bloom, wotsogolera anali Leon Gluckman. Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers ndiye anali King Kong, Makeba anali Joyce, mwini shabini. Pambali pa Masekela, m'bandi munalinso Kippie Moeketsi ndi Jonas Gwangwa. Tangoganizani anthu onsewa usiku umodzi, denga limodzi. Ngakhale amene anakonza maonekedwe a siteji, Arthur Goldreich, ali ndi mbiri yakeyake: anamangidwa ku famu ya Liliesleaf mu 1963 pamodzi ndi atsogoleri a ANC, n'kuthawa m'manja mwa apolisi.

Mu 1961 sewerolo linapita ku London. Apa ndi pamene nkhani imandikhudza ine. Ambiri mwa osewerawo sanabwererenso kwawo, anasanduka matchona. Makeba anali atachoka kale mu 1959, boma n'kumutsekera njira yobwerera, mpaka 1990. Matshikiza anakhalako ku London, kenaka mu 1964 anasamukira ku Zambia kumene anagwira ntchito ku wailesi, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 1968. Choncho abale athu a ku Zambia, mwini nyimbo za King Kong anatsirizira moyo wake pakati panu.

Kodi lingadzaze holo lero? Linayesedwa kale. Mu 2017 Fugard Theatre ya ku Cape Town inalidzutsa, Andile Gumbi ndi Nondumiso Tembe akutsogolera, ndipo linakafikanso ku Johannesburg. Nyimbo zake sizinakalambe ayi, jazi wa mtundu umenewu safuna kumuphoda. Vuto lili pawiri. Loyamba ndi ndalama. Sewero loyambirira linali ndi anthu pafupifupi 70 pa siteji, kuphatikizapo bandi yaikulu. Aliyense wa amenewa amafuna malipiro, chakudya, pogona, ndi thiransipoti, kuyambira tsiku loyamba la zokonzekera tikiti isanagulidwe ndi imodzi yomwe. Fugard Theatre yomweyo inatsekedwa mu 2021, mliri wa Covid utaumitsa matumba.

Lachiwiri ndi lolemera kuposa ndalama. Ngwazi ya sewero ili ndi mwamuna amene anapha mkazi. Mu 1959 oonera ankaona munthu wakuda wamphamvu amene dziko la tsankho linamupanikiza mpaka kusweka. Lero, m'dziko limene nkhanza kwa amayi zili pakamwa pa aliyense, mayi amene wakhala pa mpando wachitatu afunsa kuti, nanga wophedwayo nkhani yake ili kuti? Wotsogolera amene angayankhe funso limeneli pa siteji, osalithawa, ndiye ali ndi sewero la lero. Wongofuna kutisangalatsa ndi zipewa ndi masuti a ku Sophiatown, dera la ku Johannesburg limene linkatchuka ndi jazi masiku amenewo, atisiye.

[Chithunzi cha misewu ya District Six]

Tsopano ndikanakhala wamalonda, wowerenga ndalama yanga usiku, ndikanatenga Kat and the Kings. Analemba David Kramer ndi Taliep Petersen, linayamba ku Cape Town mu 1995. Bambo wokalamba, wopukuta nsapato, akukumbukira unyamata wake m'zaka za m'ma 1950, pamene iye ndi anzake ankaimba m'misewu ya District Six n'kumalota kutchuka. District Six ndi dera lija boma linalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, n'kusamutsa anthu oposa 60,000. Sewerolo silikulalikira za zimenezi. Limakuseketsa, limakuvinitsa, ndiye ukudziwa wekha mumtima kuti misewu imene anyamatawa akuimbamo inagumulidwa.

Mu 1999 linapata mphoto ya Olivier ku London ngati sewero latsopano la nyimbo lopambana onse, ndipo mphoto ya wosewera bwino anaipereka kwa gulu lonse pamodzi. Chaka chomwecho linalowa ku Broadway. Koma chimene chikundikoka ine si mphotozo. Osewera ndi asanu ndi mmodzi basi. Amenewa akwana m'minibasi imodzi, bandi m'ina, ulendo wayambika. Sewero lotere likhoza kuzungulira m'matauni ang'onoang'ono osadikira holo ya anthu chikwi. Ngati funso ndi lakuti ndi liti lingabweze ndalama, yankho langa ndi limeneli.

Mwina wina afunsa za Gibson Kente, amene amatchedwa tate wa zisudzo za m'makomboni, mphunzitsi wa Ngema yemweyo. Iyeyu ndiye ankadziwadi kudzaza maholo a ku Soweto. Sewero lake la How Long linaletsedwa ndi boma, ndipo mu 1976 anamangidwa. Tsoka lake, mu 1989 moto unawononga zolemba zake zambiri kunyumba kwake. Wofuna kudzutsa ntchito zake adalira kwambiri zimene osewera ake akale akukumbukira, ndipo amenewo akutha mmodzimmodzi. Kente mwini wake anatisiya mu 2004.

[Chithunzi cha anthu a mumgodi atavala zipewa za nyali]

Ndasungira kumapeto limene limandivuta kwambiri: Ipi Tombi, la 1974. Analemba Bertha Egnos ndi mwana wake Gail Lakier, ndipo mawu amene anatchukitsa nyimbo zake poyamba anali a Margaret Singana. Nkhani yake ndi ya mnyamata amene wasiya mudzi ndi mkazi kupita kukagwira ntchito ku migodi ya Johannesburg. Ku London anthu analikonda kwa nthawi yaitali. Ku New York mu 1977 zinali zina. Panja pa holo panaima anthu ndi zikwangwani, akunena kuti seweroli likupaka mafuta tsankho, likuonetsa munthu wakuda ngati wosangalala kumudzi ndi ng'oma zake, woti m'tauni alibe malo, zomwe ndi zimene boma la Pretoria linkafuna kuti dziko likhulupirire. Panalinso madandaulo a malipiro a ovina. Patangotha milungu yochepa linatsekedwa.

Ndiye bwanji ndikulitchula? Chifukwa mnyamata wa m'sewero uja ndi agogo athu. Amene munakulira ku Mzimba, ku Dedza, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Angonia, mukudziwa nyumba imene bambo anapita ku Wenela kapena ku Theba, mabungwe aja ankalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ena sanabwereko n'komwe. Chaka chomwecho cha 1974, mu April, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo Dr Banda anaimitsa kaye zolemba anthu ntchito ya kumeneko. Pamene ovina ankamwetulira pa siteji atavala nsapato za jombo, ku midzi ya kwathu kunali maliro.

Maganizo anga ndi awa: Ipi Tombi asalidzutse m'mene linalili. Magule ake anapeza kale kwina kokhala. Todd Twala ndi Thembi Nyandeni, amene anavinamo, anadzapanga sewero lawolawo la Umoja, ndipo linayenda maiko ambiri. Chimene chatsala osachigwira ndi nkhaniyo. Mnyamata uja akufunika wina amulembenso, ulendo uno kuchokera mkati mwa komponi: kalata imene imafika kumudzi patapita miyezi, kapitawo akulamula m'Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi, mkazi amene akulima yekha chaka chachitatu, apongozi akuyamba kufunsa mafunso. Za oonera musade nkhawa. Pitani pa malo okwerera mabasi a ku Joni ku Blantyre, pamene mpaka lero timangoti pa Wenela, muwerenge anyamata ndi atsikana amene akukwera ndi zikwama zawo. Aliyense wa iwo wasiya wina kunyumba amene angalipire pakhomo kuti aone nkhani imeneyi.

Inu mukanasankha liti? Ndipo ngati kwanu kuli agogo amene anatsikako mumgodi, afunseni nyimbo imene ankaimba pokwera kuchokera pansi, mutiuze. Tionana m'vidiyo yotsatira.