Ma BBS: Kumene Anthu Ankachezera Facebook Isanabadwe

[Pakumveka kulira kwa modemu]

Phokoso mwamvali achinyamata ambiri sakulidziwa. Ndi modemu, kachipangizo kamene kankalumikiza kompyuta ku foni ya waya, ikuimbira kompyuta inzake. Moni nonse amene mukuonera. Lero tikamba za ma BBS (chidule cha Bulletin Board System, kutanthauza bolodi la zidziwitso la pa kompyuta), malo amene anthu ankachezerako pa kompyuta kalekale, ndi zimene zinadzawachitikira.

Nkhani yake imayambira ku Chicago, m'dziko la America. Mu Januwale 1978 kunagwa chipale chofewa chochuluka moti misewu inatsekeka, anthu n'kumangobindikira m'nyumba. Ward Christensen ndi mnzake Randy Suess, a m'kalabu ya anthu okonda makompyuta mumzindawo, anapezerapo mpata. Anafuna kuti bolodi lomatapo zidziwitso, ngati limene mumaliona pakhomo la ofesi, likhale mu kompyuta. Christensen analemba pulogalamu, Suess anamanga makina, ndipo pa 16 Febuluwale 1978 BBS yawoyo, yotchedwa CBBS, inayamba kuyankha foni m'chipinda chapansi cha nyumba ya Suess.

[Pa sikirini: zilembo zobiriwira zikutuluka chimodzichimodzi]

Tsono mvetserani mmene zinkayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. BBS inali kompyuta ya munthu wamba, ili m'nyumba mwake, yolumikizidwa ku laini imodzi ya foni. Laini imodzi, munthu mmodzi. Wina akalowa, enanu mukaimba mumangopeza foni ili bize, ndiye mumaimbanso, n'kuimbanso, mwina mpaka pakati pa usiku. Mukalowa, mawu ankabwera zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, moti munkatha kumawerenga pamene akutuluka. Chithunzi cha 1 MB, chimene lero mumatumiza osaganizako, chikanatenga maola oposa 9 pa liwiro limenelo. Pofuna kuti aliyense apezeko mpata, mwini wake ankapatsa munthu mphindi zowerengeka patsiku, nthawi zambiri zosapitirira ola limodzi. Ma BBS ambiri analinso ndi lamulo loti ukafuna kutenga mafailo, uziyamba waikapo ako. Zongodyerera kunalibe.

Mwini BBS ankatchedwa sysop. Amafananako ndi adimini wa gulu la WhatsApp, kungoti uyu ankagula yekha kompyuta, kulipira yekha laini ndi magetsi, ndipo ankaona pa sikirini yake chilichonse chimene mlendo akulemba. Ena ankayamba akuimbira foni kuti amve mawu ako asanakulole kulowa.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu a pa BBS imodzi ankadziwana? Yankho ndi bilu ya foni. M'madera ambiri a ku America, kuimba foni m'dera lako lomwelo kunali kotchipa kapena kosalipiritsa pa mphindi, pamene kuimba kutali kunali kodula kwambiri. Choncho munthu ankaimbira BBS ya mumzinda mwake. Amene wakangana naye usiku ankatha kukhala wa sukulu imodzi ndi iwe, ndipo magulu ambiri ankakonza zokumana maso ndi maso. Sikuti anthu akale anali aulemu kuposa ife ayi. Mikangano ndi kutukwanizana zinaliko ndithu. Koma kuthawa kunali kovuta, ndipo amene ankaweruza nkhani anali munthu wodziwika dzina ndi kumene amakhala.

Mu 1984 Tom Jennings anayambitsa FidoNet, njira yoti ma BBS azipatsirana mauthenga. Nzeru yake inali yosavuta: masana kompyuta izisonkhanitsa makalata, usiku mitengo ya foni ikatsika iziimbira inzake, kutumiza zonse mtolo umodzi, n'kudula foni msanga. Inzakeyo ipatsirenso ina. Kalata inkatha tsiku kapena masiku angapo ili pa ulendo, koma inkafika. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, makompyuta oposa 30,000 padziko lonse anali mu FidoNet, atagawidwa m'zigawo 6. Africa inali chigawo cha nambala 5.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Njira yopangidwira anthu oopa bilu ya foni inagwirizana kwambiri ndi mayiko amene malaini ake anali odula komanso odukaduka. Imelo yoyamba m'mayiko ambiri a mu Africa inadzera mu FidoNet. Yunivesite ya Rhodes ku South Africa inkatumiza makalata ake ku Portland, ku America, kudzera m'njira imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka inayamba chimodzimodzi, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inabala ZAMNET mu 1994. Kuno kwathu, imelo ya Fido inkadutsira ku Chancellor College ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, intaneti yeniyeni isanafike mu 1997. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America zinali zosewera za anyamata m'zipinda zawo, pamene kuno zinali za ntchito: aphunzitsi a kukoleji, ofufuza ndi mabungwe kutumiza makalata amene pa positi akanatha milungu.

Kugwa kwa ma BBS kunali kwa msangamsanga. Mu 1993 kunabwera Mosaic, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti okhala ndi zithunzi, kenako makampani anayamba kugulitsa intaneti pa mtengo umodzi pamwezi. Munthu aimbirenji kompyuta imodzi ya mumzinda mwake pamene foni yomweyo ikumufikitsa kulikonse? Ku America kunali ma BBS masauzande makumi angapo, koma pofika chaka cha 2000 ambiri anali atazimitsidwa. Ma sysop ena anasanduka ogulitsa intaneti, ena anangozula waya kukhoma.

Zimene anthu ankachita sizinafe. Kulemba uthenga wina n'kuyankha m'munsi mwake, mayina obisalira, masewera opikisana ndi anzako, zonsezi mukuziona pa Reddit, Discord ndi Facebook. Chimene chinasintha ndi mwini malo. Kale anali mnansi wako, ndipo ukatopa ndi malamulo ake unkagula modemu n'kutsegula BBS yako. Lero ndi kampani imene imapeza ndalama ukamakhalitsa pa foni. Sysop ankakutulutsa ola likakwana; awa safuna n'komwe kuti utuluke. Kwa ine kusintha kwakukulu ndi kumeneku, kuposa liwiro ndi zithunzi.

Ma BBS mazana angapo akadalipo mpaka pano. Tsopano ambiri salowedwanso poimba foni koma kudzera pa intaneti, m'njira yotchedwa telnet, ndipo mapulogalamu ngati Synchronet ndi Mystic amatha kuyenda pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Ambiri amene amalowako ndi akuluakulu okumbukira unyamata wawo. Koma ku Taiwan nkhani ndi ina. BBS yotchedwa PTT, imene inayambitsidwa ndi wophunzira wa pa National Taiwan University mu 1995, ikadali ya zilembo zokhazokha, si ya kampani yofuna phindu, ndipo anthu olembetsa anapitirira miliyoni imodzi. Atolankhani amatolako nkhani, ndipo mu 2014, ophunzira atalowa n'kukhala m'nyumba ya malamulo ku Taipei potsutsa mgwirizano wa zamalonda ndi China, PTT inali pakati pa malo amene ankauzirana zimene zikuchitika.