Maola 24, malipiro a maola 13

Moni nonse, a kumudzi ndi a kunja kuno. Ndikulankhula kuchokera ku New York. Mukamva phokoso musadabwe, ndi sitima, nyumba yanga ili m'mbali mwa njanji.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndikalowa Lolemba m'mawa ndimatuluka Lachiwiri m'mawa. Maola 24 amenewo, koma kampani imandilipira 13 okha, chifukwa lamulo la kuno limati maola 8 umakhala ukugona, 3 ukudya. Kugona kwake kuti? Agogo amene ndimawasamalira amadzuka kanayi usiku, pena kuwatembenuza, pena kuwaperekeza kuchimbudzi. Ndinkangoti bola ya fizi ndatumiza kwathu.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wa ku China, wamfupi, waimvi, tinakumana pamzere ku ofesi. Chingerezi chake n'chochepa, tinkamvana ndi foni yomasulira. Anandifunsa ngati ndimalemba nthawi imene ndadzuka usiku. Ndinaseka. Iye sanaseke. Anandiuza kuti ukapanda kugona maola 5 osadukiza, usiku umenewo ayenera kukulipira, koma popanda cholemba ukanena chiyani?

Lamlungu lina ananditengera ku Chinatown, dera la Matchaina ambiri, ku paki yotchedwa Columbus Park. Lero mumakhala nkhalamba zosewera makadi ndi kuimba. Koma mu June 1982 amayi osoka zovala m'mafakitale, pafupifupi 20,000, anadzaza pamenepo atanyanyala ntchito, mpaka mabwana anasaina mgwirizano. Bungwe lomenyera ufulu wa Matchaina ogwira ntchito la Chinese Staff and Workers' Association linali litayamba kale mu 1979, ndipo mu 1980 operekera zakudya pa lesitilanti ya Silver Palace anakhazikitsa bungwe lawolawo, nkhani yake inali ya matipu, ndalama zothokoza zimene makasitomala amasiya, amene mabwana ankadyako.

Apa mpamene ndinagwira pakamwa: mabwana ambiri amene ankalimbana nawo anali Matchaina anzawo. Ife tikanati, ndi wakwathu ameneyu, tisamuchititse manyazi kunja kuno. Ndikudziwa anthu angapo amene ndalama zawo zinamira chifukwa cha mawu amenewo.

Za nyumba nazo Matchainawa sagona. Mu January 2018 boma la mzinda linatulutsa anthu a lendi m'nyumba ya pa 85 Bowery, ku Chinatown komweko, ati masitepe ndi oopsa. Anthuwo anaona kuti akangokhala chete sadzabwereramo, nyumbayo idzapita kwa olipira zambiri. Ananyanyala chakudya panja, mu February, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Chaka chomwecho anabwerera m'zipinda zawo.

Kumsonkhano wawo ndimamva mawu amodzi pa khumi, ena amandimasulira. Amandipatsa tiyi wopanda shuga, ndimamwa chifukwa cha ulemu.

Panopa ndili ndi kabuku, ndimakasunga m'thumba la yunifolomu. Usiku wathawu ndalembamo katatu: 1 koloko, 3 koloko, ndi hafu 4. Lachisanu ndikupita nako ku ofesi, ndipo mayi uja wati andiperekeza. Mwendo ukunjenjemera, sindinama. Ndidzakuuzani sabata yamawa mmene tayendera.