Windage tray pa stroker: musatseke sampu musanayeze izi

Takulandiraninso abale anga, lero tili pa LS ya stroker, LS ndi ma injini a V8 a kampani ya General Motors (GM), nkhani yake ndi kachitsulo kamene ambiri amangomanga n'kuiwala, windage tray. Dinani like kaye kuti YouTube iwonetseko ena, tiyeni.

Atsopano mvetserani, ndithamanga. Tray imakhala pakati pa crank ndi oyilo wa mu sampu, injini ikakwera ma rev crank imamwaza oyilo, oyilo amachita thovu, mphamvu imatayika, nde tray imatchinga zimenezo. Basi. Stroker ndi crank ya stroke yaitali, stroke ndi mtunda womwe pisitoni imayenda kukwera ndi kutsika. LS1 ya fakitale, ngati ija ya mu Lumina SS yakale anzathu a ku Joni mumaidziwa, stroke yake ndi 92mm, ife taika ya 101.6mm. Kusiyana kwake 9.6mm koma chofika pa tray ndi theka, 4.8mm. Ma rod akutsika pafupifupi 5mm kuposa momwe GM inapangira tray imeneyi, nde akhoza kuigunda, tiyeze mpata wake motere.

1. Mangani zonse. Crank, ma bearing, ma rod onse 8, torque yake yeniyeni. Osati rod imodzi n'kumati enawo ndi chimodzimodzi.

2. Tengani dongo lija ana amaumbira kusukulu, mateni pa tray moyang'anizana ndi rod iliyonse ndi ma counterweight, pakani kaoyilo pamwamba kuti lisakakamire. Mangani tray, zungulitsani crank kawiri pang'onopang'ono, masulani, dulani dongolo ndi lezala pomwe laphwanyika kwambiri, yezani ndi vernier. Mpata usachepere 1.5mm. Ine 2mm ndi pomwe mtima umakhala m'malo.

Apa ndiime kaye chifukwa mu makomenti muli nkhani ina imandinyansa. "Ndazungulitsa ndi sipana sizikugunda, zili bho." Ayi aise. Ayi. Sipana yakuuzani chinthu chimodzi chokha, kuti pa injini yozizira, yoyenda ngati kamba, mpata siuli pa ziro. Kodi ndi 2mm kapena 0.2mm? Simukudziwa, dzanja silimva kusiyana kumeneko. Tsopano ilizeni ifike 6,500. Crank ikuzungulira kuposa ka 100 pa sekondi imodzi, imapindika pang'ono, rod ikukankhidwira mbali imodzi ya mpata wa bearing, zitsulo zatentha zafufuma, ndipo tray yokha ndi lata lopyapyala logwidwa ndi ma nati ochepa, limanjenjemera. Onjezaninso end play, crank imayenda kutsogolo ndi kumbuyo, ma rod nawo amaseweranso cham'mbali pa journal. N'chifukwa chake poyeza mukankhe crank kutsogolo ndi sikuludiraiva, zungulitsani, mukankhe kumbuyo, zungulitsaninso. Ndipo chimene chimagunda kawirikawiri si rod yeniyeniyo, ndi mutu wa bawuti. Mwagula ma rod a H-beam okhala ndi mabawuti a kampani ya ARP eti, mitu yake imatuluka mosiyana ndi ya fakitale, nde mnzanu akati "yanga inakwana popanda washala" mufunseni ma rod ake ndi ati. Zikagunda mumva kaphokoso ka the-the-the kotsatira ma rev, wina akuuzani kuti ndi bearing, mukadula fyuluta mupeza tizitsulo tonyezimira, ndipo tizitsulo timeneto tadutsa kale mu pampu ya oyilo. Ndalama zonse za crank zija. Chifukwa cha dongo lomwe munakana kugula.

Amene munatsutsa sabata yatha lembaninso pansipa, ndikuyankhani mmodzimmodzi. Ndipo ambiri mukuonera musanasabusikilayibe, ndikukuonani, dinani kabelu.

Tinali pa chani, 3. Mpata wachepa, mutani? Pa LS tray imakhala pa ma stud a main cap, zitsulo zogwira crank ku block, nde ikani ma washala olimba pansi pake, ofanana makulidwe pa stud iliyonse, ndipo muone kuti nati yagwirabe mazinga okwanira. Kapena pezani tray ya LS7, injini imeneyo inatuluka ku fakitale ndi stroke ya 101.6mm, komabe muyeze. Ngati pakugunda pamodzi pokha, nyundo yaing'ono imathandiza, bola musatseke timabowo totsitsira oyilo.

4. Iyi ambiri amaidumpha. Bulaketi ya pickup, chubu chomwe pampu imayamwira oyilo mu sampu, imamangidwa pa stud yomweyo, pamwamba pa tray. Mwatsitsa tray, mwatsitsanso pickup, ikayandikira kwambiri pansi pa sampu siyamwa bwino oyilo, komanso chubu chikapendekeka O-ring ya ku pampu imalowetsa mpweya, presha imagwa. Dongo lomwelo, ikani pansi pa pickup mutaphimba sefa yake ndi tepi, vekani sampu ndi gasket yake, yezani. Pakhale pakati pa 6mm ndi 10mm. Tepiyo muchotse chonde.

5. Lowetsani dipstick, muone ngati ikudutsa osakhudza tray.

Vidiyo yotsatira tikuyeza mpata wa ma rod ndi m'munsi mwa ma silinda, kumeneko kuli kugaya block, musaphonye.