Nyongolotsi za mumtima mwa galu: piritsi la mwezi ndi mwezi limagwira bwanji ntchito?

[Chithunzi: udzudzu watera pamphuno ya galu]

Taonani kaudzudzu aka. Kakaluma galu wanu lero, mawa simuona chilichonse. Mwezi wamawa chimodzimodzi: akudya bwino, akuthamanga, akugwedeza mchira. Koma pakapita miyezi 6 kapena 7, mumtima mwake ndi m'mitsempha yopita kumapapo mutha kupezeka nyongolotsi zoyera, zina zotalika masentimita 30. Akatswiri amazitcha Dirofilaria immitis, ndipo zimatha kukhala m'galu zaka 5 mpaka 7.

Galu sapatsira mnzake mwachindunji, ngakhale adyere mbale imodzi. Pamafunika udzudzu. Ukayamwa magazi a galu wodwala, umatenga timphutsi tosaoneka ndi maso, timakula m'thupi mwake pafupifupi masabata awiri, kenako ukaluma galu wina timalowera pabala lomwe walumapo.

[Chithunzi: kalendala]

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Timaganiza kuti galu akamwa piritsi pa 1 Malichi ndiye kuti watetezeka mpaka pa 31. Ayi. Piritsi limagwira cham'mbuyo. Limapha timphutsi tomwe tidalowa m'masiku 30 apitawo, tikadali tanthete pansi pa khungu, ndipo pakapita masiku ochepa mankhwalawo atuluka m'thupi. Kuli ngati kusesa: mumachotsa zinyalala zomwe zagwa kale, zamawa zidikira tsache lina.

Ndiye mukadumpha mwezi umodzi kapena iwiri, timphutsi timapeza mpata wokula kufika msinkhu woti piritsi silingatiphenso bwinobwino. Mumayambiranso kumwetsa mtima uli m'malo, pomwe nyongolotsi zili kale paulendo wopita kumtima. N'chifukwa chake bungwe la ku America la akatswiri a matendawa, American Heartworm Society, limalangiza kupereka mankhwalawa chaka chonse, osapumira nyengo yozizira.

Mankhwala ake ndi a banja limodzi: ivermectin, milbemycin oxime, selamectin ndi moxidectin. Ena ndi otafuna, ena odontheza pakhungu kumbuyo kwa khosi. Kwa oiwalaiwala, ndipo ine ndili m'gulu lomwelo, kuli jakisoni wa moxidectin wogwira miyezi 6 kapena 12, wobayidwa ndi dokotala wa ziweto. Mlingo umatengera kulemera kwa galu, choncho kagalu kokula msanga kamafunika kukwezedwa pasikelo pafupipafupi. Kagalu kangayambe mapiritsi kali ndi masabata 8.

Galu wa miyezi 7 kupita m'tsogolo ayezedwe magazi kaye asanayambe. Ngati ali kale ndi nyongolotsi zazikulu, piritsi silizichotsa, ndipo timphutsi tochuluka tikafa nthawi imodzi m'magazi, galu atha kudwala mwadzidzidzi. Kuyezako kubwerezedwe chaka chilichonse ngakhale simunadumphe, poti agalu ena amalavula piritsi mwakachetechete kapena kulisanza inu osaona.

Chinthu china chomwe ndikupemphani musachite: kutapa ivermectin wa ng'ombe kapena mahatchi n'kumayeza mwa maso. Ndi wamphamvu kwambiri, ndipo agalu a mtundu wa Collie ndi ena achibale awo ali ndi vuto lobadwa nalo lomwe akatswiri amalitcha MDR1, loti mlingo ukakula mankhwala amalowa muubongo. Galu amanjenjemera, amachita khungu, mwina kufa kumene. Mlingo wa m'mapiritsi opangidwira agalu ndi wochepa moti ngakhale Collie amamwa bwinobwino.

[Chithunzi: galu wagona m'khola]

Nanga akadwala kale? Mudzayamba kumva kachifuwa kosatha, galu kutopa msanga, kuonda, pamapeto mimba kutupa ndi madzi. Chithandizo chilipo koma n'chowawa. Amayamba ndi doxycycline wopha mabakiteriya a Wolbachia omwe nyongolotsizo zimadalira, kenako majakisoni atatu a melarsomine, mankhwala okhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, obayidwa mkati mwa mnofu wa pamsana. Pa miyezi yonseyo galu saloledwa kuthamanga, chifukwa zidutswa za nyongolotsi zakufa zitha kutseka mitsempha ya m'mapapo. Amene adayesapo kugoneka galu wachinyamata m'khola sabata imodzi yokha akudziwa chomwe ndikunena.

Ngati galu wanu wadumpha kale miyezi ingapo, yambiraninso mankhwala mutalankhula ndi dokotala wa ziweto, ndipo mukamuyezetsenso pakatha miyezi 6, chifukwa nyongolotsi zosakhwima sizioneka pakuyeza magazi.