Switi yotupa m'kapu: sayansi ya pakhonde

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse, ndi inu ana mwakhala kutsogoloku. Asalaam aleikum. Ndapatsidwa mphindi zochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Mwana angathe kuchita sayansi pakhonde penipeni, ndi makapu awiri basi. Mukapita ku Boma, yang'anani m'magolosale maswiti ofewa otafuna aja, ena amakhala ooneka ngati tizimbalangondo. Anayamba kuwapanga ndi Hans Riegel, ku Bonn m'dziko la Germany, mu 1922. Olimba oyamwa aja ayi, amenewo amangosungunuka, mutsala ndi madzi otsekemera.

Tengani maswiti atatu ofanana. Mwana ayeze iliyonse ndi rula, alembe m'kope. Kapu yoyamba thirani madzi a pamjigo. Yachiwiri madzi omwewo, koma muikemo mchere wambiri, muzitakasa mpaka wina uzikhala pansi osasungunuka. Ponyani switi imodzi m'kapu iliyonse, yachitatu ikhale pambale youma. Musanagone mufunseni mwanayo kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Musamuuze yankho, chonde makolo. Ngakhale aphonye, alembe zomwezo.

M'mawa muzivuula ndi supuni, chifukwa ndi zala imaphwanyika. Ya m'madzi opanda mchere mupeza yatupa kwambiri, mtundu wake wasuluka, ikunjenjemera pasupunipo. Ya mumchere yakula pang'ono chabe, mwina osakula n'komwe. Ziikeni pafupi ndi youma ija, mwana ayezenso.

Chachitika n'chiyani? Maswiti amenewa amapangidwa ndi shuga ndi jelatini. Jelatiniyo m'kati mwake ndi yolukana ngati ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndipo m'madzi ozizira sisungunuka. Tsono madzi ali ndi khalidwe lake: amachoka kumene zosungunuka zili zochepa, n'kulowera kumene zachuluka. M'switi muli shuga wothinana, ndiye madzi amalowa, ukonde uja n'kumatambasuka. M'kapu ya mchere kunjako nakonso kwadzaza zosungunuka, madzi sakhala ndi chowakokera m'kati kwenikweni. Kusukulu adzamva kuti osmosis, ndipo tsikulo sadzangoloweza ayi, adzakhala atazionapo ndi maso.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Jelatini imasungunuka pa madigiri pafupifupi 35, ndiye mu Okutobala mukasiya kapu padzuwa kapena pafupi ndi moto mupeza phala. Ikani pamthunzi, pafupi ndi mtsuko, muvindikire chifukwa cha nyerere.

Ndaona a Shehe agwedeza mutu, ndipo akulondola. Jelatini imachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, kawirikawiri nkhumba kapena ng'ombe. Werengani papaketi ngati palembedwa halaal. Ngati simukukhutira, kapena ndalama yavuta, siyani maswitiwo. Dulani mbatatesi tizidutswa tiwiri totalika mofanana, kena m'madzi, kena mumchere. Ka m'madzi kamalimba gwa, mukakapinda kamathyoka. Ka mumchere kamafota, kamapindika osathyoka, chifukwa madzi atulukamo. Kunena zoona ineyo ndimakonda ya mbatatesiyi, kungoti ana amathamangira kumene kuli switi.

Switi yogona m'madzi ija asadye, yagwiridwagwiridwa ndipo tizilombo timaswana msanga mu shuga wonyowa. Mugule yachinayi yoti adye, apo ayi m'mawa mupeza pambale pali mbee, kuyeza kwathera pomwepo. Amayi kumbuyoko mwakweza mkono, funsani.